Jakisoni, mafuta opaka kapena kudikira kaye? Zoti bambo wa mu Lilongwe adziwe asanayambe testosterone

Mukapita kwa dokotala wodziwa ntchito yake n'kumuuza kuti kuchipinda zinthu sizikuyenda ndipo mukuganiza kuti testosterone, homoni ya chimuna, watsika, asanakambe za mankhwala adzakufunsani kuti, "Bambo, ana muli nawo angati? Nanga mukufunanso ena?" Abambo ambiri funsoli limawadabwitsa. M'mutu mwathu testosterone ndiye chimuna chenichenicho, ndiye timangoti ukamuwonjezera nayonso mphamvu yobereka ikwera. Zimene zimachitika n'zosemphana. Testosterone wochokera m'botolo, kaya wobaya kaya wopaka, amachepetsa mbewu ya abambo, ndipo mwa amuna ambiri imatheratu pa nthawi yonse imene akulandira mankhwalawo.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH, kupita ku machende. LH imalamula machende kupanga testosterone, pomwe FSH, mothandizana ndi testosterone wopangidwa m'machende momwemo, imachititsa kuti mbewu ipangike. Ubongo ukaona kuti m'magazi testosterone wadzaza, umasiya kutumiza malamulo aja, machende n'kuleka ntchito, mwinanso kufota pang'ono. Zili ngati pakhomo pamene payamba kufika thumba la ufa mwezi ndi mwezi: munda umasanduka tsala, ndipo tsiku limene thumba lasiya kubwera simungakolole mawa lake.

Bungwe la WHO linayesapo jakisoni wa testosterone wa sabata ndi sabata ngati njira yolera ya abambo. Zotsatira zake zinatuluka mu 1990: pafupifupi amuna awiri mwa atatu alionse anapezeka opanda mbewu ngakhale imodzi mu umuna wawo pasanathe miyezi 6. Munthu akasiya, mbewu imabwerera mwa ambiri pakati pa miyezi 6 ndi 12, ena mpaka zaka ziwiri, ndipo amene wabayitsa kwa zaka zambiri angadikire koposa apo. Tsono taganizani za kwathu kuno, kumene banja likatha zaka ziwiri popanda mwana azakhali amayamba kunong'onezana ndipo chala chimaloza mayi. Bambo akubayitsa mwakabisira kuti "awonjezere mphamvu", mayi akuzungulira zipatala, asing'anga ndi mapemphero a usiku, ankhoswe akuitanidwa. Chogwetsa banja chili m'kabotolo kobisika m'galimoto.

Funso lachiwiri madokotala salifunsa kawirikawiri, koma mu Lilongwe muno n'lolemera chimodzimodzi: mukayamba, mukwanitsa kupitiriza? Mankhwala onsewa amachokera kunja. Ndalama zakunja zikasowa, mashelefu a mafamase amaonekera, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense wogula mankhwala a mwezi ndi mwezi anamva kuwawa. Testosterone si Panado woti lero mwamwa, mawa mwaiwala. Mafunso awiriwa, la ana ndi la kupitiriza, ndi amene ndigwiritse ntchito poyerekeza njirazi, chifukwa amasankhira munthu kuposa dzina lolembedwa pa katoni.

Kodi watsikadi?

Kutopa, kukwiya msanga, tulo ta masana, kamimba kotsogola: zonsezi amazitchula pa Facebook ndi pa WhatsApp ngati zizindikiro za kuchepa kwa testosterone. Zimapezekanso mwa munthu wa shuga, wochepa magazi, wa ngongole za katapila, ndi amene amagona 1 koloko n'kudzuka 5. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya wa mu 2010, wa amuna oposa 3,000 a zaka 40 mpaka 79, anapeza kuti zizindikiro zimene zimayenderanadi ndi kutsika kwa homoniyu ndi zitatu: chilakolako kuzilala, chida kusiya kudzuka chokha m'bandakucha, ndi kulephera kulimba pa nthawi yake. Amene anali ndi zizindikirozi komanso magazi n'kutsimikiza anali pafupifupi awiri okha mwa 100 alionse. N'zoona kuti testosterone amatsika ndi ukulu, mwina 1 peresenti pa chaka munthu akadutsa zaka za m'ma 30 kapena 40, koma kutsika kotereku pakokha si matenda.

Kuyezetsa kuli ndi malamulo ake, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira. Testosterone amakhala pamwamba m'mawa n'kumatsika dzuwa likamakwera, choncho magazi atengedwe pakati pa 7 ndi 10 koloko m'mawa musanadye kanthu. Ngati mukuchokera ku Area 25 kapena ku Likuni, nyamukani m'mimba muli pululu, mandasi a pa siteji muwadutse, tiyi wa shuga mukamwere uko magazi atatengedwa, chifukwa shuga amatsitsa nambala kwa maola angapo. Musayezetse mukudwala malungo kapena mutangotuluka m'chipatala. Ngati mumagwira ntchito usiku, ulonda kapena mashifiti a ku Kanengo, muuzeni dokotala, poti kwa inu "m'mawa" ndi pamene mwangodzuka. Ndipo kamodzi sikokwanira. Pafupifupi amuna atatu mwa 10 alionse amene koyamba amapezeka otsika, akabwereza tsiku lina amapezeka ali bwinobwino.

Pa pepala la ku labu yang'anani muyeso umene agwiritsa ntchito, chifukwa ulipo wa mitundu iwiri. Madokotala a ku Britain amati pansi pa 8 nmol/L munthu ngwotsikadi, pakati pa 8 ndi 12 m'pokayikitsa, pamwamba pa 12 vuto lifunidwe kwina. A ku America ambiri amadula pa 300 ng/dL, zomwe ndi pafupifupi 10.4 nmol/L. Nambala ikatsika kawiri konse, dokotala ayezenso LH, FSH ndi prolactin, homoni inanso yochokera ku pituitary. LH ikakhala pamwamba, ndiye kuti ubongo ukufuula koma machende sakuyankha. Zotere zimachitika matsagwidi akatsikira ku machende munthu atakula kale, munthu akavulala kapena chende likapotokola, akalandira mankhwala a khansa, kapena akabadwa ndi vuto lotchedwa Klinefelter, lomwe limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 600 alionse kapena kuyandikira apo. LH ikakhala pansi kapena pakatikati, vuto lili kumtunda kapena m'thupi lonse, ndipo nthawi zambiri limakonzeka. Prolactin wokwera kwambiri, makamaka pamodzi ndi mutu wosatha kapena maso kusaona bwino m'mbali, angasonyeze chotupa pa pituitary, chimene chili ndi mankhwala akeake.

Abambo amene ali pa ma ARV adziwe kuti HIV imatha kutsitsa testosterone, komanso imakweza puloteni yotchedwa SHBG imene imamanga homoniyu m'magazi. Nambala yonse ingaoneke yabwino pomwe testosterone womasuka, wogwira ntchito, ndi wochepa. Nkhaniyi muiyambitse komwe mumalandira mankhwala, kaya ku Lighthouse kaya kwina, ndipo ma ARV asadukizidwe.

Kuboma njira ndi yodziwika: kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kalata, kenako ku Kamuzu Central. Ku zipatala zolipira funsiranitu ngati magaziwo amayeza okha kapena amatumiza kwina, zotsatira zimatenga masiku angati, ndipo ngati muli pa MASM kapena sikimu ina, afunseni asikimuwo musanabayitse chilichonse.

Njira imene ambiri safuna kuimva

Kwa bambo wa zaka za m'ma 40 amene nambala yake ili pa 9 kapena 10, lamba akumangira pansi pa mimba, shuga wayamba kukwera, njira yoyamba kuiyesa ndi kusayamba testosterone n'komwe. Mafuta a m'mimba ali ndi mphamvu yosandutsa testosterone kukhala homoni ya amayi, estrogen, ndipo estrogen ameneyu amakauza ubongo kuti uchepetse LH. Munthu wonenepa akatsitsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, testosterone amakwera ndi 2 kapena 3 nmol/L. Kwa amene ali pa 9, kumeneko n'kufika pa 11 kapena 12, pafupi kutuluka m'gulu lokayikitsa lija. Ngati sikelo ikuti makilogalamu 100, tikunena za makilogalamu 10: mitanda ya nsima ichepe, chipisi cha pa chiwaya masana aliwonse chisiyidwe, Fanta ndi Sobo zikhale za alendo, mowa wa Lachisanu usamafike Lamlungu.

Tulo nato n'tofunika kuposa mmene timaganizira. Ofufuza a ku Chicago mu 2011 anagoneka anyamata athanzi maola 5 okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi, testosterone wawo n'kutsika ndi 10 mpaka 15 peresenti. Funsaninso mayi a kunyumba mmene mumagonera. Akati mumaliza mkonono kenako mumakhala zii ngati mwasiya kupuma, n'kudzidzimuka, limenelo ndi vuto la kubanika kutulo. Limatsitsa testosterone, ndipo jakisoni angalikulitse.

Kenako tsegulani kabati ya mankhwala. Tramadol, codeine ndi morphine akamamwedwa nthawi yaitali amatsitsa testosterone kwambiri, chimodzimodzi prednisolone, amene anthu ena amangogula okha chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi. Mankhwala ena a BP ndi a matenda a nkhawa sakhudza homoni koma amafoola chida kapena chilakolako. Musasiye nokha. Tengani mapaketi onse mukaonetse, dokotala angathe kusintha.

Njirayi siwononga mbewu, siidalira ndalama zakunja, ndipo imathandiza shuga ndi BP nthawi yomweyo. Kuipa kwake n'kwakuti imachedwa, miyezi 3 mpaka 6 musanaone kanthu, ndipo ambiri amagwa ulesi pa njira. Komanso ili ndi malire. Mnyamata wa Klinefelter, kapena bambo amene machende ake anawonongeka, ngakhale atazungulira bwalo la Bingu m'mawa uliwonse nambala siidzakwera. Ameneyo kumuuza kuti "kachepetseni thupi" n'kumuchedwetsa, pomwe mafupa ake akufooka ndipo magazi akuchepa. Kwa iye testosterone ndi mankhwala enieni, mwina a moyo wonse.

Majakisoni awiri osiyana

Jakisoni wa pafupipafupi ndi wakale ndipo kawirikawiri ndiye wotsika mtengo. Mayina ake ndi testosterone enanthate, testosterone cypionate amene ambiri amamudziwa kuti Depo-Testosterone, ndi Sustanon 250 amene ndi msakanizo wa mitundu inayi. Amabayidwa m'thako kapena pa ntchafu pakatha milungu iwiri kapena itatu. Safuna firiji, ndipo poti amapangidwa ndi makampani angapo, wina akasowa dokotala angakusinthireni wina. Pa nkhani ya kupitiriza ija, ameneyu ndiye amapirira kwambiri.

Vuto lake ndi kukwera ndi kutsika. Masiku awiri kapena atatu mutabayitsa homoni amakwera kupitirira muyeso, kenako amatsetsereka mpaka tsiku la jakisoni wina. Abambo ena samva kusiyana. Ena sabata yoyamba amakhala anyamata, aukali pang'ono, sabata yachitatu atheratu, ndipo woyamba kuzindikira amakhala mayi. Madokotala ambiri masiku ano amagawa: mlingo wochepa sabata iliyonse m'malo mwa wambiri patalipatali. Zimathandiza, koma ndiye kuti maulendo a kuchipatala achuluka, kapena namwino akuphunzitseni kudzibaya nokha ndi singano yatsopano nthawi iliyonse. Mwa njira zonse, uyu ndiye amakonda kukhwimitsa magazi, nkhani yomwe ndiifotokoze kutsogoloku. Kanthu kena kakang'ono koma kofunika m'dziko la nsinjiro ngati lino: Sustanon amasungunulidwa m'mafuta a mtedza. Ngati thupi lanu limadana ndi mtedza kapena soya, nenani.

Jakisoni winayo ndi wa nthawi yaitali, testosterone undecanoate, wodziwika ndi dzina loti Nebido. Ndi 1000 mg m'mafuta a nsatsi okwana 4 ml, olemera ndithu, moti namwino amawakankha pang'onopang'ono m'kati mwa thako kwa mphindi ziwiri kapena kuposerapo inu mutagona chafufumimba. Wachiwiri amabwera pakatha milungu 6, kenako pakatha milungu 10 mpaka 14 iliyonse, kutanthauza maulendo anayi kapena asanu pa chaka. Mwa apo ndi apo timafuta timalowa m'mitsempha n'kukafika m'mapapo, munthu n'kuyamba kutsokomola, kutuluka thukuta ndi kubanika pomwepo. Zimatha zokha mwa ambiri, koma n'chifukwa chake jakisoniyu si wobayira kunyumba, ndipo mukabayitsa muzikhala kaye pa benchi theka la ola musanakwere kabaza.

Ubwino wake ngwoonekeratu: homoni amakhazikika, simuganiza za mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo kwa oyendetsa mathiraki a ku Beira, Dar es Salaam kapena Johannesburg palibe njira ina yomuposa. Botolo limodzi ndi lokwera mtengo, ngakhale mukawerengera chaka chonse kusiyana kumachepako. Mpata wa miyezi itatu umakupatsaninso nthawi yosakasaka botolo lotsatira lisanafunike. Choopsa chake ndi chomwecho chimene chili ubwino wake: akalowa walowa. Magazi akakhwima, kapena ikakwera PSA, nambala ya m'magazi yochenjeza za prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo), palibe womutulutsa, mudikira milungu yambiri. Pa chifukwa chimenechi, kwa bambo wamkulu kapena wa matenda ena, n'kwanzeru kuyamba ndi njira yosavuta kuimitsa, n'kusamukira ku Nebido thupi litaonetsa kuti lagwirizana nazo.

Mafuta opaka ndi nyumba zathu

M'mabuku, gel ndiye njira yofatsa kuposa zonse. Testogel, AndroGel ndi Tostran ndi ena mwa mayina ake. Mumapaka m'mawa uliwonse mutasamba, pa mapewa ndi kumtunda kwa mikono, mitundu ina pa mimba kapena pa ntchafu, osati kumaliseche. Homoni amakhala pa mlingo umodzi, magazi sakhwima kwambiri ngati ndi jakisoni wa pafupipafupi, mlingo ndi wosavuta kusintha, ndipo pakavuta mumangosiya, m'masiku ochepa watuluka m'thupi.

Koma mabukuwo sanalembedwere nyumba ya zipinda ziwiri ku Kawale kapena ku Mchesi. Mafutawa amatsalira pakhungu kwa maola angapo, ndipo aliyense wokhudza khungulo amatengako. Mu 2009 bungwe loona za mankhwala la ku America, FDA, linalamula chenjezo lalikulu pa mapaketi ana aang'ono atapezeka akumera tsitsi la kumaliseche ndi kukula ziwalo nthawi isanakwane chifukwa chokhudzana ndi akuluakulu opaka. Onani m'mawa wa pakhomo pathu: bambo apaka, akadali chifuwa pamtunda akufuna malaya, kamwana ka zaka ziwiri kathamanga kuti "adadi ndinyamuleni", tsaya lake pa phewa lomwe lija. Thaulo ndi limodzi. Usiku khanda ligona pakati. Mayi ngati ali oyembekezera ndiye nkhani yakula. Zimapeweka: kusamba m'manja ndi sopo mukangopaka, kudikira ziume, kuvala malaya a manja, kutsuka malowo musanagundane ndi wina. Koma ndi tsiku lililonse, kwa zaka.

Onjezani kuti gel ali ndi spiriti, choncho asanaume musayandikire mbaula kapena kuyatsa fodya. Onjezaninso kutentha kwa mu Okutobala, pamene munthu umafuna kusambanso usanafike n'komwe ku ntchito, chonsecho malangizo akuti padutse maola angapo madzi asanakhudze. Mwa amuna ena khungu silimwa mokwanira ndipo nambala siikwera. Ndipo paketi ikatha famase ilibe ina, m'masiku atatu kapena anayi mwabwerera pomwe munayambira, kapena pansi pake. Ine ndimaona kuti gel amayenera bambo amene ana anakula, ali ndi bafa lakelake, ndipo ali ndi njira yodalirika yopezera mapaketi a miyezi iwiri kapena itatu pasadakhale.

Za mapiritsi ndisachulutse. Methyltestosterone wakale uja amawononga chiwindi, ndipo kuno kumene matenda a chiwindi a hepatitis B ndi mowa zatopetsa kale ziwindi zambiri, ngwosayenera n'komwe. Makapisozi a undecanoate, monga Andriol, sapweteka chiwindi chotero koma amafuna kumwedwa kawiri kapena katatu pa tsiku ndi chakudya cha mafuta, apo ayi salowa bwino m'magazi, ndipo amatha kukweza BP. Proviron ndi wofooka, salowa m'malo mwa testosterone weniweni. Kulinso timibulu toika pansi pa khungu, zomata ndi mafuta a m'mphuno, koma zofuna katswiri ndi katundu wosadukiza zoterezi musaziwerengere pokhapokha dokotala wanu atakutsimikizirani kuti ali nazo chaka chonse.

Ngati mukufunabe ana

Apa njira zonse za pamwambazi, kupatula yoyamba ija, zatsekeka. Zotsala ndi zodzutsa machende anu omwe. Clomiphene, piritsi lomwe lija amapatsa amayi kuti dzira likhwime, mwa abambo limapusitsa ubongo kuti uone ngati homoni wachepa, ndiye umatumiza LH ndi FSH zambiri. Testosterone amakwera, mbewu siitha. Madokotala amapereka mlingo wochepa, kawirikawiri 25 mg tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku. Silinalembetsedwe ngati mankhwala a abambo, choncho pafunika dokotala wolizolowera, ndipo maso akayamba kuona zachilendo muyenera kusiya n'kubwerera msanga. Ina ndi hCG, jakisoni wa pansi pa khungu kawiri kapena katatu pa sabata amene amagwira ntchito ya LH. Ngwokwera mtengo, ndipo akasungunulidwa amafuna firiji, ndiye muganizire za kuzimazima kwa magetsi kwanuko. Zonse ziwirizi zimagwira pokhapokha machende ali amoyo. LH ikakhala kale pamwamba, kuwonjezera kufuula sikuthandiza. Musanayambe chilichonse yezetsani umuna, ndipo kumeneko mupite awiri ndi mayi.

Pamene vuto si homoni

Bambo amene chilakolako chilipo koma chida chikukana, nthawi zambiri vuto lake ndi mitsempha ya magazi: shuga, BP, fodya, kapena mantha a kulephera amene amadza ukalephera kamodzi. Anzake kumowa amuseka kuti wagwa mu mpapaya, koma thupi likumuchenjeza za mtima, poti mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono ndipo imayamba kutsekeka zaka zingapo ya mtima isanatero. Ameneyu mapiritsi olimbitsa chida, sildenafil kapena tadalafil, amuthandiza kuposa testosterone, mbewu osakhudzidwa. Chachikulu, asaphatikize ndi mankhwala a mtima a gulu la nitrate, monga aja oika pansi pa lilime, chifukwa BP ingagwe mpaka kufa.

Nanga gondolosi? Muzu umenewu, umene asayansi amautcha Mondia whitei, wafufuzidwa makamaka pa makoswe, ndipo palibe umboni woti umabwezeretsa testosterone mwa munthu amene watsikadi. Wotafuna muzu wake sindilimbana naye. Zondiopsa ndi timabotolo ndi timapaketi topanda dzina la wopanga togulitsidwa m'misika ndi m'mabala. Mu 2019 dziko la Zambia linaletsa chakumwa china "chopatsa mphamvu" atapeza kuti munali sildenafil wosalembedwa pa chitini. Wodwala mtima akamwa zotere sadziwa chimene wamwa. Chimodzimodzi majakisoni oyenda m'zikwama m'malo onyamulira zitsulo: mlingo wake umaposa wa kuchipatala kangapo, ena ndi achinyengo, singano zimabwerekanidwa, ndipo anyamata ena amene amadzapezeka ndi testosterone wotsika zaka za m'ma 30 anayambira kumeneko. Mankhwala enieni amafuna kalata ya dokotala ndi famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno.

Mtengo wobisika: kuyezetsa kosatha

Powerengera ndalama, ambiri amaiwala labu. Testosterone amachulukitsa maselo ofiira a magazi, ndipo akachuluka magazi amakhwima, chiopsezo cha kuundana ndi sitiroko n'kukwera. Pa pepala la full blood count yang'anani pamene alemba HCT kapena PCV, nambala yoonetsa kuchuluka kwa maselo ofiirawo. Ikapitirira 54 peresenti mankhwala aimitsidwe kapena achepetsedwe, nthawi zina mpaka kuchotsako magazi. Muyezetse musanayambe, pakatha miyezi 3 mpaka 6, pakatha chaka, kenako chaka ndi chaka. BP nayo iziyezedwa. Testosterone weniweniyo amayezedwa pa nthawi yake: pakati pa majakisoni awiri ngati ndi wa pafupipafupi, tsiku la jakisoni lisanafike ngati ndi Nebido, maola angapo mutapaka ngati ndi gel.

Kwa a zaka 40 kupita m'tsogolo pali prostate. Palibe umboni woti testosterone amayambitsa khansa ya prostate, koma ikakhalapo kale amaidyetsa, ndipo amuna akuda khansayi imatigwira kwambiri komanso msanga. Choncho PSA iyezedwe musanayambe, pamodzi ndi kupima kwa chala kuja kumene abambo timakuthawa. Ndi kwa mphindi imodzi, achimwene. PSA ikaposa 4, kapena 3 kwa amene ali pa chiopsezo chachikulu monga amene bambo awo kapena mchimwene wawo anadwalapo, aonane kaye ndi dokotala wa njira ya mkodzo. Asayambe n'komwe amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya bere, amene magazi ndi okhwima kale, amene anagwidwa ndi sitiroko kapena mtima m'miyezi 6 yapitayi, amene mtima ukulephera mpaka miyendo kutupa, amene magazi awo amakonda kuundana, ndi amene mkodzo ukuvuta kwambiri kutuluka.

Za mtima anthu anakangana zaka zambiri. Kafukufuku wotchedwa TRAVERSE, wa mu 2023, anatsata amuna oposa 5,000 a zaka 45 mpaka 80 amene anali ndi matenda a mtima kapena chiopsezo chake. Opaka testosterone ndi opaka mafuta opanda mankhwala anafanana pa imfa za mtima, kugwidwa mtima ndi sitiroko, pafupifupi 7 mwa 100 mbali zonse. Koma kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima, magazi kuundana m'mapapo ndi kuvulala kwa impso zinachulukirako mwa olandira testosterone, ndipo modabwitsa, kuthyoka mafupa nakonso. Mu Febuluwale 2025 FDA inalamula kuti mapaketi onse achenjeze za kukwera kwa BP. Dziwani kuti anthuwa ankapaka gel, pa mlingo woyang'aniridwa. Zotsatirazi sizikuikira kumbuyo wodzibaya mlingo waukulu payekha.

Ziphuphu kumsana, mabere kufufuma kapena kuwawa, dazi kufulumira mwa amene ndi la kumtundu: izi zimachitika ndi njira iliyonse.

Ndikayika zonsezi pamodzi, bambo wofunabe mwana asayandikire testosterone wa mtundu uliwonse. Akonze thupi, akambe za clomiphene kapena hCG. Wonenepa wa nambala ya pakatikati adzipatse miyezi 6 ya kusintha kadyedwe, tulo ndi mowa, n'kuyezetsanso. Wotsikadi amene anamaliza kubereka, thumba lili lopyapyala, jakisoni wa pafupipafupi pa mlingo wochepa ndiye angamukwanitse osadukiza, bola HCT aziyezetsa. Wa ndalama zokwanira kapena woyendayenda, Nebido. Gel ndi wa nyumba yopanda ana aang'ono.

Muyembekezere zotani? Kafukufuku wa mu 2016 wa amuna 790 a zaka 65 kupita m'tsogolo anapeza kuti chilakolako ndi zochitika kuchipinda zinakwera ndithu koma mosapitirira, mtima unapepukako pang'ono, pomwe nyonga za tsiku ndi tsiku sizinasinthe kwenikweni. Chilakolako chimayamba kusintha pakatha milungu 3 mpaka 6, kulimba kwa chida kungatenge miyezi 6, mafupa zaka. Pa tsiku loyamba lomwe, gwirizanani ndi dokotala kuti ikatha miyezi 6 nambala itakwera koma inu osamva kusintha, mudzasiya, chifukwa ndiye kuti vuto linali kwina. Kusiyako kukhale kokonzekera: milungu ingapo, mwina miyezi, mudzakhala ofooka kuposa kale pamene machende akuyambiranso ntchito, ndipo mayi a kunyumba ayenera kudziwiratu chimene chikuchitika.